Munthu amene anatsegula mbiri yobisika pansi pa nyanja

Ngalaŵa ikamira, ambiri amati zonse zathera pomwepo. Komatu katundu wake amakhala pansi pa madzi zaka mazanamazana monga mboni yodikira woifunsa. Mmodzi mwa anthu oyamba kufunsa mboni yotereyi mwaukatswiri anali George Bass wa ku America, amene anabadwa m'chaka cha 1932.

M'chaka cha 1960, Bass ali wophunzira pa yunivesite ya Pennsylvania, anatumidwa ku Cape Gelidonya, kugombe la dziko la Turkey. Kumeneko anthu obira m'nyanja kufuna zinkhupule anali ataona zotsalira za ngalaŵa imene inamira cha m'ma 1200 Kristu asanabadwe. Bass anali atangophunzira kubira m'dziŵe losambiramo, komabe anatsikira pansi, mamita pafupifupi 27.

Kale anthu obira ankangotola zokongola n'kutuluka nazo. Bass anakana mchitidwe umenewu. Iye anati chinthu chilichonse chiyambe chayezedwa ndi kujambulidwa pamalo pamene chagona, monga momwe amachitira ofukula zakale pamtunda, pakuti malo ake ndiwo amaulula m'mene ngalaŵayo inapakiridwira.

Atapenda mkuwa ndi miyala yoyezera kulemera imene anavuula, Bass analemba kuti eni ngalaŵayo anali amalonda a ku Syria ndi Kanani. Akatswiri ambiri anamtsutsa, poti iwo ankaphunzitsa kuti malonda a panyanja ya Mediterranean m'nyengoyo anali m'manja mwa Agiriki.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1982 inapezeka ngalaŵa ina pa Uluburun, ku Turkey komweko, yomira cha m'ma 1300 Kristu asanabadwe. Bungwe limene Bass anayambitsa, la Institute of Nautical Archaeology, linaifukula kuyambira 1984 mpaka 1994. M'katimo munali matani 10 a mkuwa, tani imodzi ya chitsulo chofeŵa chotchedwa tini, minyanga ya njovu, ndi kachidindo kagolide kokhala ndi dzina la Nefertiti, mfumukazi ya ku Igupto. Wambiri mwa katunduyo anali wochokera kum'maŵa, ndipo ganizo la Bass linapeza umboni wolimba.

Kuyambira 1976 Bass anaphunzitsa pa yunivesite ya Texas A&M. Anamwalira m'chaka cha 2021, atasula akatswiri ambiri amene atengera njira yake yoyamba kuyeza asanavuule kanthu.