DZINO LODYEKA M'TSINDE LINGATHE KUPULUMUKA

Chiswe chikafuna kugwetsa mtengo chimayambira m'tsinde. Dzino nalonso kawirikawiri limaonongekera pomwepo, pamene limakumana ndi usinini. Ambiri a ife, makamaka achikulire, timamva kulasa tikamwa madzi ozizira, ndipo tikakhudza ndi chikhadabo timapeza kamphako. Pamenepo ena amangoti, "Likazulidwe basi." Komatu dzino la munthu wamkulu likazulidwa silimeranso.

Pamalo amenewa chikuto cholimba cha dzino nchopyapyala, ndipo usinini ukabwerera m'mbuyo, muzu umene uli wofewa umatsala poyera. Zimene zimaudya ndi izi: kutsuka mwamphamvu chopingasa ndi mswachi wouma, kukwecha ndi phulusa, makala kapena mchenga, zowawasa monga mandimu, ndiponso shuga wogona m'kamwa.

Kale madokotala a mano ankamata ndi amalgam, chomatira chotuwa ngati chitsulo, ndipo ankayamba asema dzino kuti chigwire. Lero ziripo zomatira ziwiri za mtundu wa dzino lenileni.

Choyamba ndi glass ionomer, chimene Alan Wilson ndi Brian Kent a ku London anachilengeza mu 1972. Ichi chimadzigwirira chokha ku dzino, chimapirira chinyontho pang'ono, ndipo chimatulutsa fluoride amene amathandiza kuti malowo asaolenso. Mu 2021 bungwe la World Health Organization linachiika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Chachiwiri ndi composite, chochokera ku ntchito ya Rafael Bowen wa ku America cha m'ma 1960. Dokotala amapaka guluu wake, naika chomatiracho, nachiumitsa ndi kuwala kwa buluu kwa timphindi towerengeka. Nchosalala ndi chokongola koposa, choyenera mano akutsogolo. Koma chimafuna pouma, pamene m'mphepete mwa usinini malovu ndi magazi sizichedwa kufika. Nchifukwa chake dokotala amasankha atapima kamwa la munthuyo.

Si kamphako kalikonse kofunika kumata ai. Kakang'ono kosaola, kosapweteka, dokotala angathe kungokayang'anira. Tidziwenso kuti chomatira chimatha kugwa ngati sitileka chimene chinadya dzinolo.

Tsono abale ndi alongo, gulani mswachi wofewa, tsukani mofatsa kawiri pa tsiku ndi mankhwala a fluoride, ndipo phunzitsani ana chimodzimodzi. Mukaona agogo akukana madzi ozizira, aperekezeni kuchipatala msanga, mphako isanafike pa mtsempha. Kuongola mtengo mpoyamba.