Chipembere Chikabayidwa Jekeseni wa Tulo

Alenje a m'midzi ya ku Milange, ku Mozambique, amaudziwa bwino msampha wa waya. Umatcheredwa nguluwe kapena gwape, koma susankha mwendo. Kumpoto chakumadzulo kwa chipata cha m'malire cha Muloza, m'nkhalango ya Liwonde ku Malawi, misampha yotereyi ndiyo yakhala mdani wamkulu wa nyama. Chitengereni udindo wosamala nkhalangoyi mu 2015, bungwe la African Parks lazulamo misampha yoposa 30,000.

Waya akamanga mwendo wa chipembere amadya mnofu pang'onopang'ono mpaka kufika pafupa. Nanga chinyama cholemera makilogalamu 1,000, chaukali chotere, angachigwire ndani kuti achitsuke bala? Mpake kuyamba chagonekedwa.

Dotolo wa zinyama amakwera helikopita atanyamula mfuti yoponya jekeseni, ndipo amalunjika pathako kapena paphewa pomwe pali mnofu wochindikala. Mankhwala ake ndi etorphine, ena amati M99, amphamvu zedi moti kadontho kokha kakhoza kupha munthu. Pakatha mphindi zochepa chipembere chimayamba kuyenda monyang'ama, kukweza miyendo yakutsogolo, kenaka khu! pansi. Nthawi yonseyi woyendetsa ndege amakhala akuchikusa kuti chisakagwere m'madzi kapena m'chigwembe.

Ambiri amaganiza kuti ntchito yagona pa kuwombera. Ayi, zoopsa zimayamba chinyama chikagwa, chifukwa mankhwalawa amafooketsa kapumidwe. Anthu apansi amathamanga n'kuchiphimba kumaso ndi nsalu, kutseka makutu ndi thonje, kulowetsa kapaipi ka mpweya m'mphuno. Wina amangowerenga kapumidwe basi, maso ali panthiti. Ena amachithira madzi kuti thupi lisatenthe kwambiri, n'chifukwa chake ntchitoyi amakonda kuigwira m'mamawa dzuwa la m'chigwa cha Shire lisanakwiye. Chikagonera mwendo umodzi nthawi yaitali magazi sayenda, choncho amuna angapo amachikankha n'kuchitembenuza.

Apo m'pamene dotolo amadula waya, kutsuka bala ndi kubaya mankhwala opha tizilombo. Mwayi womwewo amatenga magazi, kudula zizindikiro m'makutu kuti chizidziwika, ndi kuboola nyanga n'kuikamo kachipangizo kosonyeza komwe chili. Kuboolako sikupweteka, pakuti nyangayo n'chimodzimodzi chikhadabo cha munthu.

Chintchito chonsechi chifukwa cha nyama imodzi? Inde, ndipo n'koyenera. Zipembere zakuda zidatheratu ku Malawi, mpaka mu 1993 pomwe ziwiri zidabwera ku Liwonde kuchokera ku Kruger, m'dziko la South Africa. Ku nkhalango ya Majete zidabwereranso mu 2003. Mu Novembala 2019 zina 17 zopita ku Liwonde zidafika pa ndege kuchokera ku KwaZulu-Natal. Nako ku Mozambique, nkhalango ya Zinave ku Inhambane idalandira zipembere mu 2022 patatha zaka pafupifupi 40 kulibe. Padziko lonse zakuda zatsala zongopitirira 6,000, ndipo yaikazi imatenga bere miyezi 15 kuti ibereke mwana mmodzi. Ikafa ndi bala la waya, ana onse omwe ikadabereka apita nayo.

Pomaliza onse amakwera galimoto, kutsala dotolo yekha. Amabaya mankhwala odzutsa mumtsempha wa kukhutu, kuchotsa thonje ndi nsalu, n'kuliyatsa liwiro, poti pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri chipembere chimadzambatuka chili ndi mkwiyo. Masiku otsatira alonda a nkhalango amachilondola wapansi, kuona ngati chikudya bwino ndiponso ngati kutsimphina kukuchepa.