Kodi a Mpingo wa A.M.E. Akhulupirira Ciani?

Munthu wa kwa Mfumu Mphamba ku Lundazi akafika ku Migodi ulendo woyamba adabwa ndi zinthu zambiri, ndipo cina ca izo ndico kucuruka kwa mipingo. Kwao anazolowera mpingo wa Livingstonia, umene unamanga mishoni pa Chasefu, ndiwo uchedwa C.C.A.P. lero, anadziwanso Akatolika a ku Lumezi. Koma m'makomboni a ku Kitwe, ku Ndola kapena ku Luanshya akomana ndi nyumba ya mapemphero yolembedwa malemba atatu, A.M.E., ndipo afunsa kuti awa ndi ayani. Ena amuyankha kuti ndi mpingo wa Aamerika, ena ati ndi wa anthu okana kulamulidwa ndi Azungu. Mayankho onse awiri ali ndi kanthu koona, koma sanena cimene anthuwo akhulupirira.

Dzina lonse ndilo African Methodist Episcopal Church. Liu loyamba lisonyeza kuti anauyamba ndi ana a Afrika, laciwiri kuti ciphunzitso cace ndi ca Methodist, lacitatu kuti uweruzidwa ndi mabishopo. Wofuna kudziwa cikhulupiriro ayambe ndi liu lapakatilo.

Ciphunzitso ca Methodist cinacokera kwa John Wesley, mbusa wa Church of England, amene anabadwa mu 1703 namwalira mu 1791. Mu 1784 iye anatenga mfundo 39 za mpingo wacewo, nazifupikitsa, nazitumiza kwa omtsata a ku Amerika. Iwo anaonjezapo imodzi yonena za boma la dziko lao, zinakhala 25. Mfundo 25 zomwezi ndizo a A.M.E. agwira mpaka lero. Zinena kuti Mulungu ndi mmodzi mwa atatu, Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Kuti Yesu Kristu ndi Mulungu ndithu ndi munthu ndithu, anafa nauka. Kuti m'Malembo Oyera muli zonse zofunika pa cipulumutso. Ndi kuti munthu ayesedwa wolungama cifukwa ca cikhulupiriro, si cifukwa ca nchito zace ai. Masakramenti ndi awiri okha, ubatizo ndi Mgonero wa Ambuye. Ana a makanda abatizidwa. Abusa aloledwa kukwatira. Za Purigatorio ndi kupemphera kwa oyera mtima azikana. Pali mfundo inanso yoti kupemphera mu mpingo kucitike m'cinenero cimene anthu acimva, ndipo mfundo imeneyi si yaing'ono m'komboni mmene Mtumbuka, Mbemba ndi Mlozi akhala pa benci limodzi.

Mkristu wa ku Chasefu akamva zonsezi adzati, “Nanga si zomwe tinaphunzira m'kalasi kwathu?” Anena zoona. Kusiyana kwagona pa funso limodzi lakale: kodi Kristu anafera yani?

Mipingo ya Presbyterian ndi ya Reformed inalandira ciphunzitso ca John Calvin, cakuti Mulungu anasankhiratu, dziko lisanalengedwe, amene adzapulumuka, ndi kuti wosankhidwayo sangatayike. Wesley anakana zimenezi kwa mphamvu. Iye anati Kristu anafera anthu onse, osasiyapo ndi mmodzi yemwe, ndipo cisomo ca Mulungu cifika kwa munthu ali yense iye asanayambe kucifuna, cimpatsa mphamvu ya kubvomera kapena kukana. Cifukwa cace palibe amene anganene kuti khomo linatsekedwa iye asanabadwe. Koma mbali inzace ndi yoopsya: amene analandira cisomo angathe kucitaya akabwerera ku zakale. Kunena zoona, alaliki a mipingo yonseyi akaima pa gome aitana munthu ali yense kuti alape, kotero kuti womvera wamba sangaone msanga pamene asiyana. Asiyana pa cimene ayembekeza kwa munthu atalapa kale.

Pakuti Wesley anaphunzitsa kuti kukhululukidwa ndi ciyambi cabe. Mkristu ayenera kukula m'ciyero mpaka cikondi ca pa Mulungu ndi pa mnzace cilamulire mtima wace wonse, ndipo angathe kudziwa mumtima kuti Mulungu wamlandira, monga Wesley mwini anamva pa msonkhano wa ku Aldersgate, mu London, pa 24 May 1738. Podziwa kuti munthu ali yekha agwa msanga, anagawa anthu ace m'timagulu ta anthu ngati 12, tochedwa makalasi, ndipo kali konse kanali ndi mtsogoleri wace wofunsa mlungu ndi mlungu za moyo wa munthu ali yense. Makalasiwa anayambira ku Bristol mu 1742, pamene anthu anali kusonkha peni imodzi pa mlungu kubweza ngongole ya nyumba ya mapemphero. Malamulo amene analemba mu 1743 ndi atatu: kusacita coipa, kucita cabwino, ndi kusasiya mapemphero ndi Mgonero. Pa zoipazo anachula kuledzera, ndeu, katapila, ndi kukongola cinthu munthu akudziwa kuti sadzabweza. Wogwira nchito m'mgodi amene aona za m'komboni pa tsiku la malipiro angayese kuti malamulowa analembedwa dzulo.

Tsono ngati ciphunzitso ndi comweci, a A.M.E. anapatukiranji? Mu mzinda wa Philadelphia munali mlaliki wakuda, Richard Allen, amene anabadwa kapolo mu 1760 nadziombola yekha ndi ndalama za thukuta lace. Iye ndi anzace anali kupemphera m'calici ca Methodist ca St. George's. Tsiku lina akuru a calici anadza kudzadzutsa Absalom Jones ali cigwadire m'pemphero, ati malo amenewo si a anthu akuda. Anthu akudawo anaturuka onse pamodzi. Mu 1794 Allen anatsegula nyumba yao ya mapemphero, Bethel, imene kale inali nyumba ya wosula zitsulo. Ndico cifukwa cizindikiro ca mpingo ndi mtanda pamodzi ndi citsulo cosulirapo. Mu 1816 mipingo ingapo ya anthu akuda inagwirizana, ndipo Allen anakhala bishopo woyamba. Sanasinthe mfundo za Wesley. Mlandu wace unali wakuti amene aphunzitsa kuti Kristu anafera onse sangathe kuika mpanda pakati pa anthu ogwada.

Mau amenewa anamveka bwino ku South Africa. Mu 1892 Mangena Mokone, mbusa wa Wesleyan ku Pretoria, anaturuka cifukwa abusa akuda anali kupatulidwa pa misonkhano, nayamba Ethiopian Church, imene inalowa mu A.M.E. mu 1896. Kucokera kumeneko mpingo unayenda m'njira za anthu ofuna nchito. Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu, dziko logundana malire ndi Lundazi, anaphunzira ku Livingstonia, nakagwira nchito ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa, kumene analowa A.M.E. Mu 1924 anabwerera kwao ali mbusa, nakhazikitsa mpingo pa Mdabwi. Mphwace, Hastings Kamuzu Banda, amene anali kalaliki wa pa mgodi ku Joni, anapita ku Amerika mu 1925 ndi cithandizo ca mpingo womwewu, nakayamba maphunziro ace ku Wilberforce, mu Ohio. M'zaka za m'ma 1930 mpingo unafala m'matauni a Northern Rhodesia, ndipo boma la atsamunda linali kuuyang'ana ndi diso lokayika, popeza panalibe Mzungu wouyang'anira.

Pa kaweruzidwe asiyananso ndi C.C.A.P. Kumeneko mphamvu iri m'mabwalo a abusa ndi akuru a mpingo, ndipo palibe bishopo. Ku A.M.E. bishopo ndiye atuma abusa ku malo ao caka ndi caka, koma mabishopowo asankhidwa ndi msonkhano waukuru umene ukomana zaka zinai ziri zonse. Akazi anayamba kale kulalikira: Allen mwini analola Jarena Lee mu 1819, ngakhale mkazi woyamba kukhala bishopo, Vashti McKenzie, anasankhidwa mu 2000.

Munthu asasokoneze mpingo umenewu ndi a Methodist amene anadza ndi amishoni a ku England. Iwowo analowa mu United Church of Zambia pamene unakhazikitsidwa ku Mindolo mu January 1965, koma A.M.E. unakhalabe pa wokha. Mbendera ya mau ace, imene kale inachula Mulungu monga Atate, Kristu monga Mombolo ndi munthu monga mbale, inakonzedwanso mu 2008: anaonjezapo Mzimu Woyera, ndipo pamalo pa “mbale” anaikapo banja la anthu onse, kuti akazi asaoneke ngati asiyidwa kunja.