Manda a ku Ulongwe ndi anthu amene anasowa manda

ULONGWE. Chaka ndi chaka, mwezi wa Okutobala ukamatha, pamene minda yasosedwa ndipo alimi akudikira mvula yoyamba, Akhristu a m'boma la Angónia amakumbukira ansembe awiri amene anaphedwa nthawi ya nkhondo. Ansembewo ndi Bambo João de Deus Kamtedza ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, onse a chipani cha Ajezuiti. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985 anthu onyamula mfuti anawatulutsa m'nyumba yawo ku Chapotera, kufupi ndi mishoni ya Lifidzi. Patapita masiku ochepa mitembo yawo inapezeka patchire, ndipo inakaikidwa m'manda ku Vila Ulongwe.

Bambo Kamtedza anali mwana wa m'dera lomweli. Anabadwa m'chaka cha 1930, nadzozedwa unsembe ku Lifidzi mu 1964, ndipo analembapo buku lofotokoza malamulo a Chinyanja m'Chipwitikizi. Bambo Moreira anabadwira ku Rio Meão, ku Portugal, mu 1941. Boma litatenga sukulu ndi zipatala za mishoni mu 1975, moyo wa ansembe unasintha. Awiriwa anadzakhala pakati pa anthu ku Chapotera, akuyendera Akhristu m'midzi, ndipo sankabisa mawu akaona anthu wamba akuchitiridwa nkhanza. Njira yochokera m'deralo inalipo, pakuti malire sali kutali. Iwo anatsala.

Komatu ansembe awiriwa, ngakhale anafa imfa yowawa, ali ndi chinthu chimodzi chimene anthu ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga anachisowa. Ali ndi manda odziwika.

Kuyambira mu 1986 nkhondo inakula m'chigawo cha Tete, ndipo midzi yathunthu inasamukira ku Malawi. Anthu anamanga zisakasa ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena m'mbali mwenimweni mwa msewu umene umatsata malire, moti mapiri akwawo ankawaona tsiku ndi tsiku koma osatha kupitako. Nkhondo isanathe, othawa kwawo ku Malawi anakwana pafupifupi 1 miliyoni. Paulendo wothawawo panatsala nkhalamba zolephera kuyenda. Anyamata ena anagwidwa kukasenza katundu wa asilikali ndipo sanabwerenso. Ana ena anafera m'njira, nakwiriridwa mofulumira patsinde pa mtengo umene lero palibe angauloze.

Aliyense wa kumudzi akudziwa kulemera kwa zimenezi. Maliro ali ndi dongosolo lake: mfumu imauzidwa, uthenga umapita kwa abale, amayi amagona pasiwa, adzukulu amakumba manda, ndipo pambuyo pake pamakhala kumeta. Zonsezi zikachitika, wamasiye amadziwa kuti walira ndipo watsiriza. Nanga mayi amene mwamuna wake anangotengedwa usiku, ndi wamasiye kapena ayi? Amete liti? Akwatiwenso, kapena adikire? Mafunso otere anadwalitsa anthu ambiri matenda amene chipatala sichiwaona: kusowa tulo, kulota zoopsa, kudzidzimuka galu akauwa usiku, mtima wosafuna kugwira khasu.

Apa ndi pamene chiphunzitso cha kuuka kwa akufa chinagwira ntchito yooneka ndi maso. M'misasa, kumene wansembe kapena mbusa ankafika mwa apo ndi apo, akatekisi ndi akulu a mpingo ndiwo ankatsogolera mapemphero, a Katolika m'miphakati yawo, a Reformada ndi a mipingo ina m'magulu awo. Kwa Akatolika zimenezi sizinali zachilendo, chifukwa msonkhano wa ku Beira wa mu 1977 unali utaika kale ntchito zambiri za mpingo m'manja mwa Akhristu eni ake. Uthenga wawo kwa ofedwa unali wachidule: Mulungu amene adzaukitse akufa safunsira kwa adzukulu kuti manda ali pati. Wofera m'dambo ndi woikidwa m'bokosi la matabwa, onse amawadziwa ndi mayina. Kwa mayi amene ankadziimba mlandu kuti anataya mwana wake ngati chiweto, mawu amenewa anali mankhwala.

Nkhani ya Pasaka yeniyeniyo inawafika pamtima mwa njira yatsopano. Mabuku a Uthenga Wabwino amasimba za amayi amene analawirira kumanda atanyamula zonunkhira, chifukwa mtembo wa Yesu unaikidwa mofulumira Sabata lisanayambe. Anali amayi okatsiriza maliro osatha, monga momwe analili amayi a m'misasa. Amasimbanso kuti wouka kwa akufayo anali adakali ndi zipsera m'manja ndi m'nthiti, ndi kuti atakumana ndi ophunzira amene anamuthawa, anayamba ndi kuwapatsa mtendere. Munthu wodulidwa mwendo ndi bomba lokwirira pansi sankafuna womumasulira nkhani ya zipserayo.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama. Pakati pa amkhalapakati panali Ambuye Jaime Gonçalves, arkiepiskopi wa ku Beira, ndi a gulu la Sant'Egidio. Anthu a ku Angónia sanachedwe kubwerera, ambiri wapansi, mitolo pamutu. Anapeza minda yasanduka tchire, makola opanda ng'ombe, matchalitchi opanda madenga. Kawirikawiri ntchito yoyamba ya pagulu inali kulambula manda akale ndi kumanga kachisi wa udzu. Mabanja ena anapempha mapemphero a maliro a abale amene anafa zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri m'mbuyomo, mayina akuwerengedwa limodzi ndi limodzi popanda bokosi patsogolo. Ena anapitanso kwa asing'anga kukasambitsa ana awo obwera kunkhondo, ndipo m'midzi yambiri zinthu ziwirizi zinayendera limodzi popanda mkangano waukulu.

Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Ambuye Dinis Sengulane a mpingo wa Anglikani, linayamba ntchito yosinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata.

Koma chovuta chenicheni sichinali mfuti. Lamulo la chikhululukiro la mu 1992 linatseka milandu ya nkhondo, ndipo palibe bwalo limene linakhazikitsidwa kuti limve madandaulo a ofedwa. Choncho wolozera asilikali nyumba ya mnzake ndi mwana wa wophedwayo anapezeka akutunga pachitsime chimodzi, akugulitsa mbatatesi pamsika umodzi, mwinanso akuimba m'kwaya imodzi. Kuti kubwezerana sikunafale m'midzi imeneyi ndi chinthu chodabwitsa ndithu, ndipo gawo lina la ulemu liyenera kupita kwa akatekisi ndi amayi a mvano amene ankaphunzitsa kuti mlandu wa wakufa sunatayike, uli m'manja mwa woweruza amene sanyengedwa. Munthu wokhulupirira zimenezi ankatha kusiya chikwanje pansi popanda kudzimva kuti wapereka m'bale wake.

Pali ngozi yake. Mawu oti tikhululukirane amatuluka mosavuta pakamwa pa amene sanataye kanthu, ndipo nthawi zina agwiritsidwa ntchito potseka pakamwa anthu olira. Kwa zaka zambiri imfa ya ku Chapotera inkakambidwa monong'ona, ngati imfa zina zambiri za nthawi imeneyo. Chikhulupiriro chimene chimalalikira za zipsera zoonekera sichingauze wovulala kuti abise zake.

N'chifukwa chake zimene zinachitika mu 2021 zili ndi tanthauzo kwa anthu a m'malire. M'chaka chimenecho dayosizi ya Tete, pansi pa Ambuye Diamantino Antunes, inatsegula kafukufuku wofuna kuti ansembe awiri aja adzatchedwe odala. Pa kafukufuku wotere mboni zimaitanidwa, zimalumbira, ndipo zonena zawo zimalembedwa n'kutumizidwa ku Roma, kumene chigamulo chimachokera. Mboni zodziwa za ku Chapotera ndi anthu a kumudzi, ambiri a iwo okalamba tsopano, amene mu 1985 anali anyamata ndi atsikana. Patapita zaka 36, zimene ankanong'onezana kuseri kwa nkhokwe anafunsidwa kuti azinene poyera, ndipo pokamba za ansembewo mayina a abale awo osowa manda sangalephere kutuluka nawo.