MBALE ZAKALE ZA GALAMAFONI ZAPEZANSO MTENGO

Amuna a m'boma la Mchinji, limene kale linkatchedwa Fort Manning, pobwerera kuchokera ku Joni kapena ku Southern Rhodesia, ankanyamula katundu woonetsa kuti sanapite kukasewera: njinga, makina osokera, ndiponso galamafoni yopukusa pamodzi ndi mbale zake. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a dziko lino amene anali kubwerera kwao. Pambuyo pake kunadza makaseti, ndipo mbale zija zinaponyedwa m'masutukesi ndi kuiwalika.

Tsono zinthu zatembenuka. M'chaka cha 2022 ku America kunagulidwa mbale zambiri kuposa ma CD, chinthu chimene sichinaonekenso chiyambire 1987. Zina mwa mbale zimene anthu a kunja azifuna kwambiri nza tsidya lija la malire a Mwami. M'zaka za m'ma 1970 kampani ya Teal inali kudinda mbale ku Ndola, ndipo magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi anatchuka nazo. Mtengo wa mkuwa utagwa, malondawo anafa, ndipo mbale zimene zinatsala nzowerengeka. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso nyimbo za WITCH m'chaka cha 2012, koma osonkhanitsa mbale amalimbirabe zoyamba zija. Popeza Chipata ndi Mchinji akhala akuyenderana ndi kukwatirana kuyambira kale, banja liri lonse liyenera kuona bwino m'sutukesi ya malemu lisanapatse ana mbalezo kuti aziseweretsa.

Vuto limene mwini mbale akomana nalo poyamba ndi lakuti akalumikiza choimbira mbale ku wailesi ya masiku ano, mau amatuluka a pansi-pansi ndiponso opyapyala. Ambiri amayesa kuti makinawo anafa, nawagulitsa pa mtengo wozizira. Koma makinawo alibe mlandu. Mphamvu yochokera ku singano njochepa ndithu, monga mamilivolti 5, pamene ya choimbira CD ifika mavolti 2. Kuonjezera apo, podinda mbale amisiri amachepetsa dala mau akulu a besi kuti tinjira ta singano tisatenge malo ambiri, nakweza mau ang'ono kuti apambane phokoso la mbaleyo. Muyeso wa ntchito imeneyi unakhazikitsidwa ndi bungwe la RIAA m'chaka cha 1954. Chifukwa chake pafunika kabokosi kotchedwa phono preamplifier, kamene kamakuza mphamvu ija kambirimbiri ndi kubwezera mau m'malo mwake. Maampulifaya akale anali nako m'kati, pa chibowo cholembedwa kuti Phono. Ambiri a tsopano alibe.

Timabokosi timeneti tiripo ta mitengo yosiyana-siyana, ndipo tabwino kwambiri, topangidwa ku Britain, Japan kapena America, mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma sangatikwanitse tiri tatsopano. Nchifukwa chake anthu amagula togwirako kale ntchito, ndipo pamenepa mpamene ndalama zimatayikira. Mitu ya singano iripo ya mitundu iwiri: MM, imene iri yofala, ndi MC, imene mphamvu yake njochepa kakhumi kapena kuposerapo. Kabokosi ka MM kokha sikathandiza munthu wa MC. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230, pamene a ku America ndi 120 ndi a ku Japan 100. Kabokosi kochokera kumeneko, kakapanda transifoma, kangathe kupsa tsiku lomwelo. Makapasita a m'kati nawonso amauma ndi zaka, ndipo chizindikiro chake ndi kung'ung'uza kosalekeza m'sipika. Komabe wogula asafulumire kukana katundu, pakuti kung'ung'uza komweko kumadzanso pamene kawaya ka ethi sikanamangidwe. Wogulitsa amene akana kuti kabokosiko kayesedwe ndi mbale, mbali zonse ziwiri zikumveka, ali ndi chimene akubisa. Ndipo nzopanda nzeru kutaya malipiro a miyezi itatu pa kabokosi pamene singano iri yakutha, popeza singano yakutha ndiyo imene imapala mbale.

Pali nkhani ya msonkho. Nyumba imodzi yoonera katundu wa maiko onse awiri pa Mwami ndi Mchinji inatsegulidwa m'mwezi wa December 2022, ndipo amalonda ang'ono ali ndi njira yapafupi ya COMESA. Koma njirayo nja katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko a kuno. Kabokosi ka ku Japan, ngakhale kagulidwe ku Lusaka, kayenera kuonetsedwa kwa a MRA monga katundu wina ali yense.

Mbale za machona a Wenela, zolemera ndi zosachedwa kusweka, zozungulira ka 78 pa mphindi, ziri ndi mwambo wake-wake. Zambiri zinadindidwa muyeso wa RIAA usanafale, ndipo zifuna singano yonenepa. Mbale zopepuka za 33 ndi 45 siziyenera kuikidwa pa galamafoni yopukusa nkamodzi komwe, pakuti singano yachitsulo imazitha ulendo umodzi. Ogula a kunja amayang'ana zipsera ndi chikuto chomwe, ndipo mbale imene yapindika ndi kutentha pansi pa denga la malata mwezi wa October siiwongoka msanga. Zisungidwe choimirira, pa mthunzi, m'zikuto zake.