Alendo Ofuna Zoopsa ndi Dambo la Elephant Marsh

Ku Gansbaai, m'dziko la South Africa, alendo amalipira ndalama zambiri kuti atsekeredwe m'khola lachitsulo ndi kumizidwa m'nyanja, poyembekezera kupenyana ndi shaki yoyera, nsomba yolusa imene Boma lakumeneko linaitchinjiriza ndi lamulo mu 1991. Ena mwa alendo otere, achinyamata obereka zikwama kumsana, amafikanso kwathu kuno, natsika mapiri a ku Chikwawa kulinga ku Chigwa cha Shire.

Ku Elephant Marsh kulibe khola. Mlendo amakwera bwato pa Mchacha James, nadutsa pakati pa mvuu ndi ng'ona, moyo wake uli m'manja mwa wopalasa. Njovu 800 zimene Dr. Livingstone anaona mu 1859 zinatha kalekale. Latsala dzina lokha.

Boma linachita mwanzeru polembetsa damboli m'pangano la Ramsar mu 2017. Komatu ng'ona imene mlendo amaijambula ndi yomweyo imagwira msodzi ndi mayi wotunga madzi. Nchifukwa chake tikupempha akuluakulu a maboma a Chikwawa ndi Nsanje kuti akhazikitse mtengo wa ulendo wa pabwato, ndi kuti ndalamazo ziziyamba kufika kwa opalasa.