Kodi Wojambula Ayenera Kujambula Zithunzi Zingati?

M'nkhani ino ndikufuna kuunika funso limene ojambula zithunzi amatsutsana kawirikawiri: kodi munthu ayenera kudina kamera kangati kuti apeze chithunzi chimodzi chabwino? Ndiyerekeza kajambulidwe ka filimu ndi ka dijito, kenaka ndipereka maganizo anga.

Poyamba, tione za filimu. Mpukutu umodzi wa filimu ya 35mm umatulutsa zithunzi 24 kapena 36, pamene filimu ya 120 imatulutsa zithunzi 12 zokha m'makamera a 6x6. Wojambula amalipira katatu: pogula filimuyo, poitsukitsa ndi posindikiza zithunzi. Kuonjezera apo, saona chimene wajambula kufikira filimuyo itatsukidwa. Ngati mkwatibwi anaphethira pa nthawi yovekana mphete, wojambula amadziwa ukwati utatha kale, ndipo mwambowo subwerezedwa. N'chifukwa chake wogwiritsa ntchito filimu amayamba wayeza kuwala, kusankha poima ndi kudikira. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Chitsanzo chake ndi Ansel Adams, amene m'chaka cha 1941 anajambula mwezi ukutuluka pamudzi wa Hernandez ku New Mexico. Anadina kamodzi kokha. Pamene amakonzekera kachiwiri, kuwala kwa dzuwa kunali kutachoka.

Komabe, si zoona kuti akatswiri onse a filimu ankajambula zochepa. Robert Frank anazungulira dziko la America mu 1955 ndi 1956 najambula zithunzi zoposa 27,000, koma m'buku lake lotchedwa The Americans anaikamo 83 zokha. Garry Winogrand, pomwalira mu 1984, anasiya mipukutu pafupifupi 2,500 yosatsuka. Izi zikutiphunzitsa kuti luso la anthu amenewa silinali m'kudina mokha, komanso m'kusankha.

Chachiwiri, tione za dijito. Kamera yoyamba ya mtunduwu anaipanga Steven Sasson wa kampani ya Kodak mu 1975, ndipo inkatenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi pa kaseti. Lero kakhadi kamodzi kamasunga zithunzi zikwizikwi, ndipo makamera ambiri amajambula zithunzi zoposa 10 pa sekondi imodzi. Wojambula amaona pompopompo chimene watenga, nakonza pamene palakwika. Ena amati tsopano kujambula n'kwaulere, koma ine ndikuona kuti mtengo wangosamuka: wachoka pa ndalama wapita pa nthawi. Munthu amene wajambula zithunzi 1,000, akamayang'ana chilichonse kwa masekondi 5, amatha mphindi zoposa 80 asanakonze ngakhale chimodzi. Ambiri amatopa, zithunzizo n'kungokhala m'foni kapena m'kompyuta mpaka chipangizocho chitaonongeka. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nanga zithunzi zoyenera ndi zingati? Ine ndikuti chiwerengero chichokere pa chinthu chojambulidwacho. Chinthu choyenda, monga wosewera mpira, wovina kapena mwana wakhanda, chimafuna kudina kambiri chifukwa maonekedwe ake amasintha msanga. Gulu la anthu limafuna kudina kangapo, popeza anthu akachuluka sipalephera wina wophethira. Koma nyumba, phiri kapena mtengo sizithawa. Apa zithunzi ziwiri kapena zitatu zoganiziridwa bwino n'zokwanira.

Pomaliza, monga wophunzira za chiyankhulo ndi zolembalemba, ndimaona kuti wojambula ali ngati mlembi. Mlembi amaloledwa kulemba masamba ambiri poyeserera, koma kwa owerenga amapereka mawu okhawo amene wawasefa. Filimu imakakamiza munthu kuganiza asanadine, pamene dijito imamusiyira ntchito yaikulu yosankha atadina kale. Choncho wojambula wa dijito achita bwino kudziikira malire nthawi zina, mwachitsanzo zithunzi 36 pa tsiku, kuti diso lake lizolowere kusankha chala chisanadine.